Kuchotsa Ndulu Kudzera pa Timabowo: Kugonetsa Tulo Kapena Jakisoni wa Pamsana?

Opaleshoni yochotsa kathumba ka ndulu ndi imodzi mwa maopaleshoni a pamimba amene amachitika kwambiri padziko lonse. M'zipatala zokhala ndi zipangizo zake, madokotala anasiya kung'amba mimba. Amaboola timabowo tinayi n'kugwira ntchito yonse akuyang'ana pa sikirini. Odwala ambiri amachitidwa opaleshoniyi atagonetsedwa tulo tofa nato, komabe madokotala ena ku Egypt, Greece, India, Netherlands ndi Brazil akhala akuchotsa ndulu wodwala ali maso, atangomubaya jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi.

Kodi ndulu imagwira ntchito yanji, nanga imachotsedwa chifukwa chiyani?

Madzi owawa a ndulu amapangidwa m'chiwindi, osati m'kathumba kamene anthu amakadziwa kaja. Kathumbako kali kunsi kwa chiwindi, kudzanja lamanja pansi pa nthiti, ndipo ntchito yake ndi kusunga madziwo ndi kuwakhuthulira m'matumbo munthu akadya, makamaka zakudya za mafuta. Nthawi zina madziwo amaundana n'kusanduka timiyala. Anthu ambiri okhala ndi timiyalati sadziwa n'komwe ndipo safunika opaleshoni. Vuto limabuka kamwala kakatseka khomo la kathumba: munthu amamva kupweteka koopsa pamimba chakumtunda kumanja, kawirikawiri atangodya zonona, ndipo ululuwo umatha kuboola mpaka kumsana. Kathumbako kakhoza kutupa ndi kuchita mafinya. Kamwala kakatsikira m'njira yaikulu ya ndulu, maso amachita chikasu ndipo kapamba amatha kutupa. Timiyalati timakonda amayi, anthu onenepa ndi achikulire, komanso odwala sickle cell, amene amakhala nato akadali achinyamata. Dokotala sachotsa miyala yokha, chifukwa kathumba kamene kapanga miyala kamodzi kamapanganso ina. Amachotsa kathumba konse, ndipo ndulu imapitiriza kutsikira m'matumbo kuchokera kuchiwindi. Woyamba kuchita zimenezi, mong'amba mimba, anali Carl Langenbuch wa ku Berlin mu 1882.

Opaleshoni ya timabowo imachitika bwanji?

Erich Mühe wa ku Böblingen ku Germany ndiye anayamba kuchotsa ndulu mwanjira imeneyi mu 1985, ndipo Philippe Mouret wa ku Lyon ku France anatsatira mu 1987. Pasanathe zaka khumi, njirayi inali italanda malo a opaleshoni yong'amba mimba m'zipatala zambiri za ku Ulaya ndi ku America. Dokotala amayamba ndi kabowo ka pamchombo. Kudzera pamenepo amapopera mpweya wa carbon dioxide mpaka khungu la pamimba litatukuka n'kusiya mpata pakati pake ndi matumbo. Popanda mpata umenewu kamera singaone kanthu ndipo zitsulo sizingatembenuke. Mphamvu ya mpweyawo nthawi zambiri imakhala pakati pa 12 ndi 15 mmHg. Kenaka amaboola timabowo tina titatu, ta mamilimita 5 mpaka 10, n'kupendeketsa bedi kuti mutu ndi mbali ya kumanja zikwere, matumbo atsetserekere kutali ndi chiwindi. Amapana ndi timakilipi kanjira kotulutsa ndulu ndi kamtsempha ka magazi kodyetsa kathumbako, amadula, amasenda kathumba kuchiwindi n'kukatulutsira pa bowo limodzi. Zonse zikayenda bwino, ntchitoyi imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo odwala ambiri amapita kwawo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Pa nkhani ya mankhwala oletsa ululu, chovuta chachikulu si timabowo tija ayi, koma mpweya wopoperedwawo.

Kugonetsa tulo ndi jakisoni wa pamsana zimasiyana pati?

Pogonetsa tulo, dokotala wogonetsa amalowetsa mankhwala monga propofol kudzera pa diripi, ndipo pasanathe mphindi imodzi wodwala sadziwanso kanthu. Amawonjezera mankhwala olefula minofu, monga rocuronium kapena atracurium. Minofu yopumira nayo imalefuka, motero amalowetsa chubu m'kholingo n'kulumikiza wodwalayo ku makina omupumira. Tulo timapitirira ndi mpweya monga isoflurane kapena sevoflurane mpaka opaleshoni itatha. Kugonetsa tulo kunaonetsedwa poyera pa 16 Okutobala 1846, pamene William Morton anagonetsa wodwala ndi ether pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston.

Jakisoni wa pamsana sakhudza ubongo. Wodwala amakhala tsonga, kapena kugona chammbali, atapinda msana. Singano yopyapyala kwambiri imalowa pakati pa mafupa awiri a msana cha m'chiuno mpaka kufika m'madzi amene amazungulira mitsempha ya mauthenga. Wogonetsa amadziwa kuti wafika akaona kadontho ka madzi oyera mbee katulukira kumbuyo kwa singanoyo. Pamenepo amalowetsa mamililita ngati atatu a bupivacaine, kawirikawiri osakaniza ndi fentanyl pang'ono. Miyendo imayamba kutentha, kenaka kulemera, ndipo dzanzi limakwera pang'onopang'ono kulowera kuchifuwa. Wogonetsa amayendetsa thonje lonyowetsedwa ndi sipiriti wozizira pakhungu, akufunsa wodwala pamene wayambira kumva kuzizira. August Bier wa ku Kiel ku Germany ndiye anayambitsa njirayi mu 1898. Ku Malawi ndi ku Zambia amayi ambiri amene anabereka kudzera pa opaleshoni amamudziwa bwino jakisoniyu.

N'chifukwa chiyani madokotala ambiri amasankhabe kugonetsa tulo?

Chifukwa chachikulu ndi kupuma. Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu wopyapyala wotchedwa diaphragm, umene umatsika munthu akakoka mpweya. Mimba ikafufuma, mnofuwu umakankhidwira m'mwamba ndipo mapapo satambasuka mokwanira. Nthawi yomweyo carbon dioxide wina amalowerera m'magazi, ndipo alibe kotulukira kwina koma m'mapapo momwemo. Wodwala akakhala pa makina, wogonetsa amaona pa sikirini kuchuluka kwa carbon dioxide pa kupuma kulikonse, ndipo nambala ikakwera amangowonjezera mapumidwe a makinawo. Chubu cha m'kholingo chimatsekanso njira kuti zam'mimba zikabwerera kukhosi zisalowe m'mapapo, ngozi imene imatha kupha munthu.

Dokotala wa opaleshoni naye ali ndi zifukwa zake. Minofu ya pamimba ikalefuka kotheratu, mpata wogwiriramo ntchito umakula, ndipo wodwala satsokomola kapena kugwedezeka. Izi si nkhani yofuna kupeputsa ntchito chabe. Pamene kanjira ka kathumba kamakumana ndi njira yaikulu ya ndulu ndi pothinana, ndipo kuphonya kwa mamilimita ochepa kumadula njira yaikuluyo. Ngozi imeneyi imagwera odwala pafupifupi atatu mpaka asanu pa 1,000 aliwonse, ndipo kukonza kwake kumafuna opaleshoni ina yaikulu. Dokotala amene akusenda pamalo otero amafuna malo owala, otakasuka, osagwedera. Komanso tulo ta mankhwala tilibe malire a nthawi: opaleshoni imene amayembekezera kuti itenga ola limodzi ikatenga maola atatu, wogonetsa amangopitiriza.

Nanga munthu ali maso angapirire bwanji mimba yodzaza mpweya?

Opaleshoniyo imasinthidwa kuti igwirizane ndi munthu wopuma yekha. Mphamvu ya mpweya imatsitsidwa kufika pa 8 mpaka 10 mmHg, ndipo umapoperedwa pang'onopang'ono kuti mimba isadzidzimuke. Bedi limapendeketsedwa pang'ono chabe. Wodwala amapatsidwa okosijeni pamphuno kapena pa masiki, ndiponso timankhwala tochepa tokhazika mtima pansi monga midazolam, koma osati tambiri moti n'kuiwala kupuma. Thupi la munthu wathanzi limadzithandiza lokha: carbon dioxide akachuluka m'magazi, munthuyo amayamba kupuma mozama ndi mofulumira osadziwa n'komwe.

Dzanzi liyenera kukwera mpaka pa nsonga za mabere, chifukwa mitsempha yonyamula ululu wa chiwindi ndi ndulu imalowa mu msana chakumtunda. Bupivacaine wogwiritsidwa ntchito kwambiri amasakanizidwa ndi glucose kuti alemere kuposa madzi a mu msana. Amatsetserekera kotsika monga shuga amatsikira pansi pa kapu ya tiyi, motero wogonetsa amatha kumulondolera pongopendeketsa bedi m'mphindi zoyambirira. Koma dzanzi lokwera chotero lili ndi mtengo wake. Limalefulanso mitsempha imene imamanga mitsempha ya magazi, magazi n'kudikha m'miyendo ndi m'mimba, BP n'kutsika. Mtima nawo umatha kugunda pang'onopang'ono. Mpweya wa m'mimba ndi kukweza mutu zimawonjezera vutoli. N'chifukwa chake diripi imakhala ikuyenda, BP imayezedwa pa mphindi zochepa zilizonse, ndipo majakisoni a ephedrine ndi atropine amakhala atakokedwa kale patebulo.

Wodwala amamva chiyani opaleshoni ili mkati, nanga phewa limapwetekeranji pamene akugwira ndi pamimba?

Kucheka ndi kuboola sakumva. Amamva kukokedwa, kukankhidwa, ndi kuthina kwa mimba, ndipo ena amadandaula kuti mpweya ukuwaperewera ngakhale makina akusonyeza kuti okosijeni ali bwino. Izi zimachitika chifukwa khungu ndi minofu ya pachifuwa zachita dzanzi, motero munthu sakumva chifuwa chake chikukwera ndi kutsika. Nsalu yotchinga imakhala pakati pa nkhope yake ndi malo a opaleshoni, koma makutu amamva zonse zolankhulidwa m'fiyeta ndi kulira kwa makina.

Chodandaulitsa chachikulu ndi phewa lakumanja. Mtsempha umene umayendetsa diaphragm, wotchedwa phrenic, suchokera m'chifuwa kapena m'chiuno. Umachokera m'khosi, pa mfundo yachitatu, yachinayi ndi yachisanu ya msana, ndipo mitsempha ya khungu la paphewa imalowanso pa mfundo zomwezo. Mpweya ukatambasula diaphragm ndi kuipsereza kunsi kwake, uthenga umakwera kukafika m'khosi, ubongo n'kuganiza kuti chavulala ndi phewa. Jakisoni wa pamsana safika m'khosi, ndipo sayenera kufikako, pakuti akafika diaphragm imaima, munthu n'kuleka kupuma. Choncho mtsempha umene umalola wodwala kupuma yekha ndi womwewonso umene umamubweretsera ululuwo, ndipo palibe njira youtsekera mbali imodzi n'kusiya inayo. Madokotala amachepetsa ululuwu powonjezera fentanyl kapena ketamine pang'ono pa diripi, potsitsanso mphamvu ya mpweya, pothira mankhwala a dzanzi kunsi kwa diaphragm, ndiponso pongosisita phewalo. Kwa ambiri izi zimakwanira. Kwa ochepa ululu umapitirira mpaka pofunika kuwagonetsa tulo. Ogonetsedwa tulo nawo amatha kumva phewa likuwawa, koma iwo amalimva atadzuka, ndipo limatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri.

Kodi kafukufuku wapeza zotani poyerekeza njira ziwirizi?

Lipoti limodzi loyambirira linachokera ku Egypt mu 2003, pamene Hamad ndi El-Khattary anayesa njirayi pa odwala 10, akupopera mpweya wa nitrous oxide m'malo mwa carbon dioxide. Mu 2008 George Tzovaras ndi anzake a ku Larissa ku Greece anafalitsa m'magazini ya Archives of Surgery zotsatira za odwala 100 amene anagawidwa mwamaere m'magulu awiri. Obayidwa pamsana anamva ululu wochepa pa maola 24 oyambirira, koma magulu awiriwo sanasiyane pa zovuta zobwera pambuyo, masiku okhala m'chipatala, kapena nthawi yochirira. Mu 2009 Rajeev Sinha ndi anzake a ku Jhansi ku India anafotokoza za odwala 3,492 ochitidwa opaleshoniyi ndi jakisoni wa pamsana. Odwala 18 okha ndi amene anafunika kugonetsedwa tulo pakati pa opaleshoni. Mmodzi mwa asanu alionse BP yake inatsika mofuna mankhwala, ndipo pafupifupi 12 pa 100 anamva kuwawa paphewa kapena m'khosi. Osanza atatuluka m'fiyeta anali pafupifupi 2 pa 100, pamene mwa ogonetsedwa tulo pa chipatala chomwecho anali pafupifupi 30 pa 100. Mu 2017 Longo ndi anzake a ku Brazil anaphatikiza kafukufuku wosiyanasiyana ndipo anapeza kuti phewa limawawa mwa wodwala mmodzi pa anayi, ndipo pafupifupi atatu pa 100 amafunika kuwasinthira ku tulo.

Manambalawa amasonyeza kuti njirayi ndi yotheka. Sasonyeza kuti ndi yoposa inzake. Odwala olowa m'kafukufuku wambiri anali osankhidwa: athanzi, osanenepa kwambiri, opanda ndulu yotupa, ochitidwa opaleshoni ndi madokotala ozolowera kugwira ntchito pa mpweya wochepa. Wodwala ndi dokotala onse amadziwa njira imene yagwiritsidwa ntchito, ndipo zimenezi zimakhudza mmene munthu amafotokozera ululu wake. Kafukufuku wogawa mwamaere anali wa odwala ochepa kwambiri moti sangayankhe funso lolemera, loti kodi njira yaikulu ya ndulu imavulala kawirikawiri motani mpata ukachepa.

Ndiye kuti wobayidwa pamsana amachira msanga?

Amadzuka bwino pa tsiku loyamba, koma sachira msanga kuposa mnzake. Dzanzi limakhalabe kwa maola angapo opaleshoni itatha, ndipo ngati mu jakisoniyo munali morphine pang'ono, monga anachitira a ku Larissa, ululu umachepa pafupifupi tsiku lathunthu. Nseru imachepa chifukwa wodwala sanapume mpweya wogonetsa, ndipo pakhosi sipawawa chifukwa sipanadutse chubu. Tsiku loyamba likapita, kusiyana kumazimiririka. Timabala ndi tomwe tija, ndipo onse awiri amabwerera ku ntchito zopepuka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Wobayidwa pamsana ali ndi zakezake zomuchedwetsa: sangaime mpaka miyendo itabwerera mphamvu, chikhodzodzo chimachedwa kudzuka moti ena amafunika kachubu kotulutsa mkodzo, ndipo morphine amayabwitsa khungu. Tiyeneranso kukumbukira kuti kugonetsa tulo kwa masiku ano si kwa nthawi ya ether. Dexamethasone ndi ondansetron amachepetsa kusanza, ndipo paracetamol, diclofenac ndi mankhwala a dzanzi obayidwa pa timabowo amachepetsa ululu, motero mpata wa pakati pa njira ziwirizi si waukulu monga manambala a ku Jhansi akuonetsera.

Kodi n'zoona kuti jakisoni wa pamsana amapuwalitsa, kapena amasiya msana ukuwawa moyo wonse?

Mantha amenewa ndi ofala kwambiri kuposa ngoziyo. Mwa munthu wamkulu, chingwe chachikulu cha mitsempha ya mu msana chimathera pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno. Singano imabayidwa kunsi kwa pamenepo, pamene pali timitsempha toyandama m'madzi timene timapatuka singano ikafika. Bungwe la Royal College of Anaesthetists la ku Britain linafalitsa mu 2009 kawuniwuni wa dziko lonse wa majakisoni a pamsana a mitundu yonse, ndipo linapeza kuti kuvulala kosachira kumachitika pakati pa kamodzi pa 24,000 ndi kamodzi pa 54,000. Kukachitika, kawirikawiri gwero lake ndi magazi oundana kapena mafinya opanikiza mitsempha, n'chifukwa chake wogonetsa amafunsitsa za mankhwala osungunula magazi ndipo amatsuka msana mosamala kwambiri. Pobayidwapo pamatha kuwawa kwa masiku angapo, koma kafukufuku sanapeze kuti jakisoniyu amayambitsa msana wowawa wa zaka zambiri.

Vuto lenileni lodziwika ndi mutu. Madzi a mu msana akamadontha pa kabowo kamene singano yasiya, mutu umawawa kwambiri munthu akadzuka kapena kukhala tsonga, n'kuleka akagona chagada. Bier mwiniwake ndi womuthandiza wake August Hildebrandt anayeserana jakisoniyu mu 1898, ndipo onse awiri anadwala mutu umenewu kwa masiku angapo. Ndi singano zamakono zopyapyala, za nsonga yobuntha, vutoli limagwera munthu mmodzi kapena awiri pa 100. Nthawi zambiri limatha lokha ndi kupumula, kumwa madzi ndi mankhwala a ululu. Likakana, dokotala amatenga magazi pang'ono a wodwala yemweyo n'kuwabaya pafupi ndi kabowoko kuti akatseke.

Nanga wogonetsedwa tulo akhoza kusadzukanso, kapena kudzidzimuka opaleshoni ili mkati?

Kwa munthu wathanzi, m'chipatala chokhala ndi wogonetsa wophunzira ndi makina oyeza okosijeni, mtima ndi mapumidwe, imfa yobwera chifukwa cha mankhwala ogonetsa okha ndi ya kamodzi pa anthu pafupifupi 100,000. Kumene zipangizo ndi antchito n'zoperewera, ngoziyo imakula, ndipo imakula pa njira zonse ziwiri. Za kudzidzimuka, kawuniwuni wina wa ku Britain ndi Ireland wa mu 2014 anapeza kuti odwala amene anadzanena okha kuti anazindikira zochitika ali pa tulo anali mmodzi pa 19,000, ndipo pamene panagwiritsidwa ntchito mankhwala olefula minofu, monga pa opaleshoni ya ndulu, anali mmodzi pa 8,000. Zofala kwambiri ndi zazing'ono: nseru, kuwawa kwa pakhosi, kunjenjemera, chizungulire, ndi kusokonezeka mutu kwa kanthawi mwa okalamba. Dzino logwedera likhoza kuthyoka polowetsa chubu, n'chifukwa chake wogonetsa amayang'ana m'kamwa asanayambe.

Ndani amene sayenera kubayidwa pamsana pa opaleshoniyi, nanga ndani angapindule nako?

Jakisoniyu saperekedwa kwa munthu amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena clopidogrel, amene magazi ake saundana bwino, amene ali ndi chilonda kapena zithupsa pamalo obayapo, amene majeremusi alowa m'magazi ake, amene wataya madzi kapena magazi ambiri, kapena amene khomo lalikulu la mtima wake ndi lothina. Wokana sakakamizidwa. Pa opaleshoni ya ndulu palinso ena amene njirayi siwayenera ngakhale jakisoniyo atatheka: onenepa kwambiri, amene amavutika kupuma akagona chagada, amene ndulu yawo yatupa kumene kapena yamatirira ku matumbo, amene anachitidwapo opaleshoni yaikulu ya pamimba chakumtunda, amene akuganiziridwa kuti ali ndi mwala m'njira yaikulu, ndi amantha kwambiri amene sangakhale phee kwa ola lathunthu.

Amene angapindule kwenikweni ndi odwala mapapo kwambiri, amene madokotala akuopa kuti akawaika pa makina opumira kudzavuta kuwachotsapo. Mu 2006 André van Zundert ndi anzake a ku Eindhoven ku Netherlands anafotokoza za wodwala wotere amene anamuchotsa ndulu atamubaya jakisoni pamwamba, pa mafupa a msana a kuchifuwa, ndi mankhwala ochepa kwambiri ongokwanira kuchititsa dzanzi pamimba. Mu 2007 anafalitsa zotsatira za odwala 20. Njirayi imachepetsa kulemera kwa miyendo, koma singano imalowa pamene chingwe cha mitsempha chilipo, motero ndi ya akatswiri ochepa oizolowera. Chisankho pa odwala mapapo sichapafupi ayi, pakuti munthu amene mapapo ake ndi ofooka ndi yemweyonso amene angalephere kutulutsa carbon dioxide wowonjezera payekha, ndipo dzanzi lokwera limafooketsa minofu ya m'nthiti imene iye amadalira pokhosomola.

Popeza wodwala sagona tulo, kodi angadye asanalowe m'fiyeta?

Ayi. Lamulo ndi limodzi pa njira zonse ziwiri: maola 6 osadya chakudya, maola 2 osamwa ngakhale madzi. Wobayidwa pamsana akhoza kufunika kugonetsedwa tulo nthawi ina iliyonse, ndipo m'mimba mukakhala chakudya ngozi yoti chilowe m'mapapo imakula.

Chimachitika n'chiyani zinthu zikavuta pakati pa opaleshoni?

Jakisoni wa pamsana amabayidwa kamodzi, ndipo mphamvu yake pamimba chakumtunda imayamba kuchepa pakatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Dokotala akapeza kathumba kolimba ndi komatirira, magazi akayamba kutuluka, kapena pakafunika kung'amba mimba chifukwa kamera sikuonetsa bwino, wodwala amagonetsedwa tulo pomwepo. N'chimodzimodzi ngati phewa lakana mankhwala, wodwala wachita mantha, kapena dzanzi lakwera mopitirira mpaka manja kulefuka ndi mawu kuzilala. Kusinthaku sikutanthauza kuti wina walakwitsa, ndipo wodwala amauzidwa za kuthekera kwake asanasayine chikalata chovomereza. Komabe kulowetsa chubu m'kholingo wodwala atafundidwa kale nsalu, zitsulo zili m'mimba, BP ili yotsika, ndi ntchito yovuta kuposa kuchilowetsa modekha pachiyambi. Pa chifukwa chimenechi, munthu amene akuoneka kuti chubu chidzavuta kulowa, monga wa khosi lalifupi lonenepa kapena wosatha kuyasamula bwino, ogonetsa ambiri amasankha kumugonetsa pachiyambi pomwe, zipangizo zonse zili pafupi, m'malo modzalimbana naye mwadzidzidzi.

Popeza jakisoni wa pamsana ndi wotsika mtengo, kodi si ndiye woyenera zipatala zosowa zipangizo?

Mtengo wa mankhwala ndi wotsikadi. Kabotolo ka bupivacaine ndi singano imodzi sizingafanane ndi mpweya wogonetsa, mankhwala olefula minofu, machubu ndi okosijeni wa ola lathunthu, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene njirayi inafalira ku India. Ku Malawi, kumene ntchito yogonetsa odwala imagwiridwa kwambiri ndi makiliniko ofisa ophunzira za ntchitoyi, luso lobaya pamsana ndi la tsiku ndi tsiku chifukwa cha maopaleshoni a amayi oyembekezera. Koma kutsika mtengoku n'kwa mankhwala okha. Makina opumira, zipangizo zolowetsera chubu, mankhwala ogonetsa ndi munthu wodziwa kuzigwiritsa ntchito ziyenera kukhala m'chipindamo zili zokonzeka, ngakhale zisagwire ntchito tsiku limenelo. Miyezo imene bungwe la World Health Organization ndi chitaganya cha madokotala ogonetsa padziko lonse, WFSA, anafalitsa mu 2018 imafuna wogonetsa wophunzira, okosijeni ndi makina oyeza okosijeni m'magazi pa wodwala aliyense, wogona tulo ndi wobayidwa pamsana yemwe. Kamera, sikirini, masilinda a carbon dioxide ndi magetsi osazimazima zimafunikanso chimodzimodzi pa njira zonse ziwiri, ndipo zimenezi ndi zimene zimadya ndalama zambiri. Odwala a m'madera akutali ndi zipatala nawonso amafika mochedwa, ndulu itatupa kangapo ndi kumatirira, ndipo amenewa ndi omwe aja amene kafukufuku wambiri wa jakisoni wa pamsana ankawasiya kunja. Chipatala chimene sichingathe kugonetsa wodwala tulo mosamala chimayenera kumutumiza ku chipatala chachikulu, osati kumuchotsa ndulu ndi jakisoni wa pamsana yekha.